Mpando wa Anti Winfrida pa Tebulo 41

Amene anawaphunzitsa anti Winfrida kakhalidwe ka m'sitima yapamadzi ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimalakalaka ndikanatseka pakamwa panga. Koma mukudziwa mmene amachitira munthu wodziwa kanthu kamodzi kokha pamoyo wake. Ndisanabwere kuno ku London ndinanyamula mbale zaka zinayi m'masitima akuluakulu otenga anthu okaona maiko, ndiye wina akangotchula sitima, ine Cathy ndimayamba kutokota ngati kaputeni ndinali ine.

Anti Winfrida si achibale anga. Tinadziwana kutchalitchi ku Peckham, kenako tinapeza kuti tonse timatsikira ku Woolwich, fulati yawo ndi yanga kungosiyana misewu iwiri. Iwo anagwira unamwino zaka makumi awiri ndi ziwiri pachipatala china cha konkuno, ine ndimasamalira okalamba. Ndi mayi a ku Ntchisi, afupiafupi, osakonda zolankhulalankhula. Amuna awo anamwalira kalekale kumudzi, ndipo mwana ali naye mmodzi yekha, Daisy, amene anabwera naye kuno ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Nkhani ya Daisy aliyense kutchalitchi ankaidziwa, kungoti sinkakambidwa eni ake ali pomwepo. Mtsikanayo anakwatiwa ndi mzungu wa ku Wembley dzina lake Jason, woyendetsa sitima za pansi panthaka. Ukwati unali wa kuofesi ya boma, wopanda ankhoswe. Anti anapita ndithu, atavala bwino. Koma Jason atatambasula manja kuti awakumbatire monga amachitira anthu a kuno, iwo anabwerera m'mbuyo, kuyang'ana pansi, n'kupinda maondo pang'ono. Kwa ife okulira kwathu palibe chachilendo pamenepo. Apongozi ndi mkamwini amaopana: sagwirana, sayang'anana m'maso, satchulana maina, sadyera pamodzi. Ndiwo ulemu waukulu umene mayi angapereke kwa mwamuna wa mwana wake. Koma Jason anangoona mayi wachikulire akumukana pamaso pa abale ake, ndipo Daisy naye anaona chomwecho. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa anthu akungoyimbirana pa Khirisimasi. Mdzukulu wawo Mada, wa zaka zinayi, anali atamuona katatu.

Mwezi umene anti anapuma pantchito, Daisy anayimba foni. Anati Jason wawalipirira chipinda m'sitima, masiku asanu ndi awiri kukazungulira ku Norway, onse anayi. Anatinso, m'Chingerezi chakecho, tiyesenso kamodzi, zikakanika basi.

Anti anandiitana Loweruka masana. Ndinapeza sutikesi ili kale pabedi, ulendo kukadali masabata atatu. Iwo anali patebulo ndi kope ndi cholembera, monga ankachitira polandira malipoti a odwala.

"Iwe Cathy, undiuze zonse," anatero. "Usasiye kanthu. Sindikufuna kukamuchititsa manyazi mwana wanga. Mwayi uwu ndi womaliza."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kudzimva.

"Choyamba, anti, mukangolowa akupatsani khadi. Khadi imeneyo ndi kiyi wa chipinda, ndi chiphaso chanu, ndi chikwama chanu. M'sitima kashi sagwira ntchito. Mukafuna kanthu mungopereka khadi, iwo akumwetulira, inu mukumwetulira, mumve ngati zonse ndi zaulere. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lomaliza bilu imabwera, ndipo ndaonapo azibambo amadevu akulira."

Analemba, ine n'kupitiriza. Ndinawauza kuti tsiku lililonse amaika pa bilu kandalama kothokozera antchito, munthu usanafunsidwe, ndiye asadabwe, komanso asakakachotse chifukwa ndi kamene ife tinkatumiza kumudzi. Tiyi wa m'chipinda chodzitengera zakudya ndi waulere, madzi a m'jagi ndi aulere, koma khofi wa pakauntala ndi madzi a m'botolo n'zolipira, ndipo pa chakumwa chilichonse amawonjezerapo kena. Bilu aziiyang'ana pa TV ya m'chipinda pakati pa ulendo, osadikira m'mawa womaliza pamene mzere wa odandaula umafika kumasitepe. Foni aizimitse intaneti sitima ikangochoka padoko. Ojambula zithunzi akawaimitsa, amwetulire, kujambulitsa n'kwaulere, cholipira n'kutenga chithunzicho.

"Nanga kudya?" anafunsa, maso ali pakope.

"Kudya kuli pawiri. Pamwamba mumadzitengera nokha nthawi iliyonse. Koma madzulo, pansi, kuli chipinda chachikulu. Kumeneko amakupatsani nthawi yanu, tebulo lanu, woperekera zakudya wanu, sabata yonse osasintha. Musachedwe, chifukwa mukachedwa tebulo lonse limadikira inu. Mafoloko muyambire akunja kumalowa mkati. Chakudya chikapanda kukukomerani nenani, abweretsa china, palibe amene akulipiritseni. Tsiku limodzi ndi lotchena, mudzavale chilundu chanu chobiriwira chija, azungu adzakujambulani mpaka mutope."

Anamwetulira pang'ono. Kanali koyamba tsikulo.

"Pocheza, funsani kumene munthu akuchokera, ngati anakwerapo kale sitima, nyengo, basi. Zandale ayi, zatchalitchi ayi. Ndipo musayerekeze kunena kuti munali nesi. Aliyense adzayamba kukuonetsani chotupa chake muli pakati pa supu."

Apo anaseka ndithu. Kenako anayamba kutembenuzatembenuza cholembera.

"Nanga munthu ukapanda kumasuka ndi malo amene akuika?"

Funso limeneli ndi limene ndinayenera kuliyankha ndi funso linzake. Safunsa anadya phula, ndipo wosafunsayo ndinali ine. Ndinkaganiza kuti akunena za kukhala pafupi ndi khomo, kapena ndi anthu aphokoso. Ndinayankha monyada, chifukwa imeneyi inali nzeru ya mkati, imene okwera koyamba saidziwa.

"Zosavuta zimenezo, anti. Tsiku loyamba masana, chakudya chisanayambe, kapitawo wa chipinda chodyera amakhala pakhomo ndi buku lake. Mungomuuza chapansipansi kuti mukufuna tebulo lina. Safunsa chifukwa. Akusinthani pomwepo, ndipo palibe amene amakhumudwa. Anthu amachita tsiku lililonse."

Analemba, n'kudula mizere iwiri pansi pake. Ndinaiona mizereyo ndi maso angawa.

Ananyamukira ku Tilbury Lachisanu. Sabata yonse sindinamve kanthu, koma sindinade nkhawa, poti wowauza kuti azimitse foni ndinali ine. Lamulungu la pambuyo pobwerako sanabwere kutchalitchi. Lolemba nditaweruka shifiti ya m'mawa ndinapita kukagogoda. Anatsegula atavala juzi ya m'nyumba. Sutikesi inali pakhomo pomwepo, yosatsegula.

Sindinafunse za ulendo. Ndinatereka madzi a tiyi, iwo n'kuyamba okha.

"Zinayamba bwino, Cathy. Mada anandithamangira padoko, akuti agogo. Mayi ake anachita kumuphunzitsa. Bambo a Mada anandinyamulira sutikesi mpaka kuchipinda. Nditatsala ndekha ndinapeza kakhadi pabedi: tebulo 41, anthu anayi, sikisi koloko. Munthu wandilipirira zonse, wandinyamulira katundu ngati mwana wanga wobereka ndekha, ndiye ine ndikakhale moyang'anizana naye ndikutafuna, ngati munthu wosaleredwa? Ndinati ayi, bambo amenewa ndiwapatse ulemu wawo. Ndinatsegula kope lija."

"Anti, musandiuze kuti munapita kwa kapitawo."

"Monga unanenera. Sanafunse chifukwa."

Anawapatsa tebulo 63, kuseri kwa chipilala, pamodzi ndi amayi awiri apachibale ochokera ku Leeds. Ankafuna kumuuza Daisy, koma banjalo linali litapita ndi mwana kokasambira, ndipo iwo anaganiza kuti nkhani yake ndi yoonekeratu. Sikisi koloko isanakwane anali atakhala kale. Anawaona akulowa, Jason atavala jekete, Mada atamangidwa maliboni. Anawaona akuyang'anayang'ana kukhomo. Daisy anadzuka kukawafuna kuchipinda, n'kubwerako yekha. Kenako kapitawo uja anawerama, kunong'oneza Jason, n'kuloza.

"Bambo a Mada anatembenuka, maso athu n'kukumana. Ine ndinayang'ana pansi, monga kuyenera. Ndinakhala choncho kanthawi. Ndinamva oyimba ndi kuwomba m'manja mbali imeneyo, ndimati wina akukumbukira tsiku lobadwa. Podzutsa mutu, pa tebulo 41 panalibe munthu."

Madzi anawira, ketulo n'kudzizimitsa yokha. Palibe anadzuka.

Daisy anabwera kuchipinda kwawo m'mawa mwake. Mwanayo Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi, ndipo tsikulo anachilankhula chakuthwa. Anti anayesa kufotokoza kuti n'ulemu, kuti kwathu mayi sadya pamaso pa mkamwini wake mpaka akuluakulu atakhala pansi n'kuwamasula, ndipo wowamasulayo akanakhala malume ake a Daisy, amene anagona kalekale ku Ntchisi. Daisy anawafunsa kuti zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akusambitsa azibambo achizungu m'chipatala, kuwadyetsa ndi supuni, ndiye mbatata yokha yawakanika kudya ndi mwamuna wake?

"Ndinamuuza kuti odwala si akamwini anga. Iye akuti, chabwino, ngati mulibe naye chifukwa, tchulani dzina lake. Kamodzi kokha. Osati bambo a Mada, dzina lake."

"Munatchula?"

"Pakamwa panakana, Cathy. Ndinayesa. Anadikira, kenako anatuluka."

Ine pamenepo ukali unandigwira, osadziwa woti ndimukalipire. Ndinakwiyira Daisy, wokula osafuna kudziwa kumene mayi ake anachokera. Ndinakwiyira anti, amene zaka zonsezi sanamukhazike mwanayo pansi n'kumuuza, poti zinthu zimenezi kwathu sauza mwana, amangoziona kwa anthu. Koma kuno akanaziona kwa yani? Kwambiri ndinadzikwiyira ndekha, wodziyesa katswiri wa zamasitima.

Madzulo a tsiku lachiwiri anti anavala, n'kudzilimbitsa mtima kuti akadya pa tebulo 41 ngakhale chakudyacho chiwatsamwe. Anapezapo anthu achilendo anayi akusankha vinyo. Kapitawo anawauza mwaulemu kuti banja lija lapempha kusamukira ku nthawi yachiwiri ya chakudya chamadzulo, patebulo la anthu atatu. Nayenso Jason sanafunsidwe chifukwa.

Masiku otsalawo anadyera pamwamba, okha, pakona. Chilundu chobiriwira sichinatuluke m'sutikesi. Mada anamuona kamodzi pa dziwe losambira, mwanayo n'kuwakwezera dzanja, mayi ake n'kumukulunga m'thawulo n'kumapita naye. Ndinawafunsa za Norway, poti ndinasowa chofunsa. Anati mapiri anawaona, ndi aatali ndithu.

Kenako anatulutsa pepala m'chikwama. Linali bilu ya m'sitima. Daisy anawapatsa potsika ku Tilbury, n'kuwauza kuti Jason walipira zonse, alibe ngongole ndi munthu, ndipo anti asayimbe foni, banjalo likafuna lidzayimba lokha. Mzere umodzi unali wozunguliridwa ndi cholembera: tsiku loyamba, tebulo 41, keke ya chikondwerero. Kumbuyo kwake anamatako kapepala ka oda, kolembedwa pamanja ndi zilembo zazikuluzikulu za munthu wokopera mawu a chinenero chimene sachidziwa. Mawu oti alembedwe pa kekeyo anali akuti: Takulandirani amayi.

Makeke amenewo ndinawanyamulapo kambirimbiri. Timatuluka kukhitchini anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kandulo ikuyaka, tikuyimba, chipinda chonse n'kutembenukira tebulo limenelo kuti chione mwini wake. Ikaitanidwa nthawi yake imatuluka basi, kukhitchini sadziwa kuti pampando pali munthu kapena ayi. Ndinaona m'maganizo mwanga mwamuna uja atakhala m'jekete yake, anthu mazana akumuwombera m'manja, pambali pake pali mpando wopanda munthu.

"Ndimuyimbira Daisy," ndinatero. "Ndimuuza kuti wolakwa ndine."

"Yesa," anatero, mopanda chiyembekezo chilichonse.

Ndinayimba sabata yomweyo. Daisy anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo sanandichite chipongwe. Anati mwambowo tsopano akuudziwa, anafunsa kwa anthu, ndipo Jason naye wamva. Koma anati kumva ndi kwina, kukhalanso patebulo kudikira munthu ndi kwina. Jason anatha miyezi iwiri akuloweza moni wa Chichewa pa nthawi yopuma kuntchito. Mada anafunsa sabata yonse kuti agogo anathawa chifukwa chiyani, ndipo iye monga mayi safuna kuti mwana wake akule akuganiza kuti bambo ake ndi munthu wothawidwa. Ndinati madzi akatayika saoleka, koma mayi ndi mayi. Anati zikomo poyimba.

Chilimwe chinatha. Anti anayambanso kubwera kutchalitchi, amakhala kumbuyo, nyimbo yomaliza isanathe atuluka. Foni amayenda nayo m'manja, osati m'chikwama, ndipo ikangolira pang'ono amaiyang'ana msanga. Nthawi zambiri amakhala a kampani ya magetsi.

Lamulungu lina mu Seputembala titatsika basi ku Woolwich anati tikakhaleko kumtsinje. Tinakhala pabenchi pafupi ndi pokwerera pantoni. Kunali kamphepo. Tili pomwepo sitima yoyera ya okaona maiko inadutsa pang'onopang'ono kulowera ku Greenwich, anthu ali pamwamba akukweza manja kwa aliyense amene ali kumtunda. Ine ndinayang'ana kumbali. Iwo anaiyang'ana mpaka inakhota.

"Cathy, iwe umadziwa za m'sitima," anatero. "Pali chimodzi chimene sunandiuze."

Ndinati ndasiya kupereka malangizo.

"Ichi chokha. Keke yoti mwini wake sanabwere, mumaitani?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati timaisunga mufuliji, kapena timaitumiza kuchipinda kwa amene anaitanitsa. Koma mayi amenewa ndinali nditawapweteka kale ndi yankho lofulumira, ndiye ndinawauza zoona.

"Imabwerera kukhitchini, anti. Timapala mawuwo ndi mpeni, n'kugawana. Timadya choimirira, chifukwa pamakhala matebulo ena akudikira."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Bola inadyedwa," anatero. "Bambo a Mada asakhale kuti anataya ndalama zawo pachabe."

Anayang'ana foni. Panalibe kanthu. Tinakhalabe pabenchipo mpaka kuzizira kutatilowa m'mafupa, kenako aliyense analowera msewu wake.